Amphaka Atatu, Mabeseni Anayi

M'nyumba mwathu muli amphaka atatu, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene tinamutengera kukongola. Woyamba tinamupempha kwa anansi chaka chimene makoswe anaboola matumba athu a chimanga. Ameneyo pano wakalamba, timamutcha Gogo. Awiri enawo ndi ana ake: Makala, wamphongo wakuda bii, ndi Kamwana, amene dzinalo linamukakamira ngakhale anakula kalekale. Kuno ku Chitipa ambirife tinasiya kusunga chimanga m'nkhokwe poopa akuba. Timatonola, kuthira mankhwala, n'kulowetsa matumba m'nyumba, ndipo makoswe nawo anatitsatira. Choncho usiku amphaka timawatsekera m'chipinda cha matumba, ndipo mphaka wotsekeredwa amafuna podzithandizira.

Kwa zaka zambiri onse atatu ankagwiritsa ntchito beseni limodzi lakale lodzaza mchenga wa kumtsinje. Tinkakhuthula pamene fungo latikumbutsa, mwina patatha masiku atatu kapena anayi. Ndipo tivomereze, ngakhale zikutichititsa manyazi ife amene timaphunzitsa anzathu za ukhondo kutchalitchi, kuti mchengawo tinkautaya kuseri kwa nyumba, pafupi ndi bedi la repu ndi mpiru.

Zinasintha mu Epulo pamene mwana wathu wamkazi anabwera kudzakhala nafe ali woyembekezera, mimba yoyamba. Iye sadziwa kukhala manja lende. M'mawa wina tinamupeza atagwada pa beseni lija, akutola ndowe za amphaka ndi kachidutswa ka katoni.

"Amayi, musade nkhawa, ndisamba m'manja," anatero akuseka.

Ife sitinaseke. M'ndowe za mphaka mumatha kukhala kachilombo kosaoneka ndi maso kotchedwa Toxoplasma gondii. Asayansi anakatulukira mu 1908, koma zoti mphaka ndiye amakafalitsa kudzera m'ndowe zake zinadziwika cha m'ma 1970. Mphaka amakatenga akadya khoswe kapena mbalame imene ili nako, ndiye kuti ntchito imene timamusungira ndi yomweyonso imamupatsa kachilomboko. Akakatenga, amatulutsa timazira take m'ndowe kwa sabata imodzi mpaka atatu, iye akuoneka wabwinobwino. Munthu wathanzi nthawi zambiri sadwala, kapena amangomva ngati chimfine. Koma mayi akakatenga koyamba ali woyembekezera, kamatha kufika kwa mwana m'mimba, kuchititsa kupita padera kapena kuwononga maso ndi ubongo wa khandalo. Kamavutitsanso kwambiri anthu amene chitetezo cha m'thupi mwawo chinatsika. Ena amati iwo sizikuwakhudza chifukwa sadya nyama. N'zoona kuti nyama yosapsa bwino ndi njira ina yaikulu, koma masamba osatsuka ochokera m'dothi loipitsidwa nawonso ndi njira, ndipo timazirato timakhala m'dothi lonyowa miyezi yambiri.

Mayi wina woyandikana nafe atamva anati, "Inu, tayani amphakawo, mdzukulu ndi wofunika kuposa chona." Tinaganizirapo ndithu. Koma chimanga chinali chitatsala pang'ono kulowa m'nyumba, ndipo mkodzo ndi ndowe za makoswe pa chakudya nazo zili ndi matenda ake. Chimene chinatikhazika mtima pansi ndi ichi: timazira tija sitipatsira munthu tikangotuluka. Timafuna tsiku limodzi mpaka masiku asanu kuti tikhwime. Wochotsa ndowe tsiku ndi tsiku amazichotsa zisanakhale zoopsa. Vuto lathu silinali amphaka ayi, linali masiku anayi aja.

Kuchotsa tsiku lililonse mu mchenga wonyowa n'kovuta. Mchenga sumwa mkodzo, umangoutsitsira pansi pa beseni, umalemera, ndipo m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi suuma. Dothi la amphaka logulitsidwa m'mashopu akuluakulu a m'mizinda, limene limaumbika likanyowa, silinali la thumba lathu. Phulusa tinalikana, chifukwa likanyowa limawotcha khungu ngati chidulo, komanso mphaka amanyambita mapazi ake. Tinasankha utuchi. Mmisiri wina wa matabwa pa boma anatipatsa thumba lonse osalipira, tinangomupempha kuti ukhale wa paini wouma, wa matabwa osathiridwa mankhwala a chiswe.

Apa m'pamene tinalakwitsa. Lachisanu masana, pokonza m'nyumba, tinakhuthula mchenga wonse, kutsuka beseni ndi sopo mpaka kuwala, n'kudzazamo utuchi. Tinagona okhutira. M'mawa wa Sabata, titavala kale zopita kutchalitchi, tinatsegula chipinda cha matumba. Utuchi unali woyera monga tinausiyira. Gogo anali atadzithandiza pakona, kuseri kwa chitseko. Wina, tikuganizira Makala, anakodzera pa thumba la nyemba.

Tinakalipa, koma mlandu unali wathu. Mphaka amadziwa malo ake ndi mphuno komanso mapazi. Ife tinamuchotsera fungo lake ndi mchenga umene anazolowera kufukula, zonse tsiku limodzi, n'kumuikira chinthu chonunkhira mtengo. Kumumenya sikuthandiza; amangophunzira kubisala bwino.

Tinabwerera ku mchenga n'kuyambiranso. Masiku atatu oyamba tinasakaniza chikho chimodzi cha utuchi m'zikho zitatu za mchenga. Kenako theka ndi theka. Pofika sabata yachiwiri utuchi unachuluka, mchenga n'kungotsala wowaza pamwamba. Pa kusintha kulikonse tinkasiyamo pang'ono za dzulo zouma kuti fungo lawo lisatheretu.

Pomawayang'anira masiku amenewo, tinaona chinthu chimene chinatiphonya zaka zonsezi. Makala amakonda kugona pafupi ndi beseni, ndipo Kamwana akayandikira, iye amangodzutsa mutu n'kumuyang'ana. Palibe ndewu, palibe phokoso, koma Kamwana amabwerera. Ndiye tinamvetsa chifukwa chake nthawi zina tinkapeza zachilendo pansi pa tebulo. Madokotala a ziweto amalangiza kuti mphaka aliyense akhale ndi pake, ndi pena pamodzi papadera. Amphaka atatu, mabeseni anayi. Mabeseni ang'onoang'ono obooka sasowa pamudzi. Tinangoika pepala la pulasitiki pansi. Chofunika n'kusawandandalika pamodzi, pakuti anayi oyandikana Makala angawalondere onse. Awiri ali m'makona otalikirana m'chipinda cha matumba, limodzi pakhonde, lina m'kanjira kopita kukhitchini yakunja, kutali ndi pophikira ndi podyera amphakawo.

Ntchito yochotsa tinamulanda mwana wathu. Anaitenga ndi bambo ake, amene poyamba anang'ung'udza kuti anyamata akawaona adzawaseka. Amavala jumbo kudzanja, amachotsa ndowe ndi utuchi wonyowa ndi kafosholo kodulidwa ku chigubu cha mafuta ophikira, amakakwirira m'dzenje lakuya kutali ndi dimba ndi chitsime, kenako amasamba m'manja ndi sopo. Kamodzi pa sabata mabeseni timawathira madzi owira. Lachisanu amachotsa dzuwa lisanalowe, n'kudzachotsanso Sabata likangotha, tisanadye mgonero. Bedi la masamba tinalisamutsa, ndipo kamulu ka mchenga kamene ana a anansi amaseweretsa timakavundikira ndi lata, chifukwa masana amphaka a m'mudzi wonse amakaona ngati chimbudzi chawo.

Makala ndi Kamwana anauvomera utuchi pasanathe masabata atatu. Gogo anakana. Ukangopitirira theka, amaununkhiza, kugwedeza phazi, n'kulunjika kuseri kwa chitseko. Tinayesa kawiri, kachitatu tinamusiya. Akanayamba kudzithandiza malo osayenera popanda chimene tasintha, tikanapita naye kwa alangizi a ziweto, poti nthawi zina kutero n'chizindikiro cha matenda a chikhodzodzo. Koma uyu wangokhala nkhalamba yosafuna zatsopano. Beseni lake la mchenga lidakalipo pakona, ndipo ndi limene bambo amayamba nalo m'mawa uliwonse.

Mdzukulu anabadwa mu Seputembala, wamkazi. Akusikelo akuti akukula bwino. Kuchipinda kumene amagona, amphaka onse atatu, ngakhale Gogo, sitiwalola kulowa.