Khadi Likagwa, Kuwa Pamene Apo, Osati Ukaluza

Ndeo zambili za pa makhadi siziyamba chifukwa munthu waba. Zimayamba chifukwa wogawa walakwitsa, onse aona, koma palibe wakamba. Khadi latembenuka pogawa, olo wina wapatsidwa atatu m'malo mwa awili. Amene wagwila makhadi abwino ali zii. Wa oipa nayenso ali zii, ati mwina mwayi ubwela kutsogolo. Ndalama zikangopita kwa mnzake, ndiye mumumve: "Iyayi amdala, gemu iyi siinali bwino, tigawenso!"

Ine ndinakulila ku Katete, ndipo nyengo yogulitsa soya ndi thonje ndimaidziwa. Kuyambila June, kuseli kwa mashopu a m'mbali mwa Great East Road kumakhala timagulu twa anyamata, katoni pakati, maso uku ndi uku kuopa apolisi. Vuto ni lakuti aliyense amabwela ndi lamulo lake. Wa ku Vubwi ati kwathu khadi likagwa timagawanso. Wa pa boma ati iyayi, lagwa lagwa, ni tsoka lako.

Chaka chatha ku Sinda msuweni wanga anasewela ndi mlamu wake weniweni. Pogawa, khadi limodzi la mlamu linagwa chagada, onse analiona. Analitola, gemu inapitilila, pakati panafika K600, ndalama ya soya. Msuweni atawina, mlamu ndiye anakumbukila kuti khadi lake linaonekela. Mawu, kukankhana, kenako botolo. Msuweni anasokedwa pamwamba pa diso, ndipo mlongo wake anatha miyezi inayi osaponda pakhomo pa amayi ake. Mukafunsa lelo kuti wolakwa anali ndani, banja likali logawikana.

Nchito yanga yolemba za zosangalatsa inandifikitsa pa mpikisano wa poker mu kasino ina muno mu Lusaka. Usiku umodzi chabe wogawa analakwitsa kawili, koma palibe amene anaimilila pa mpando. Sikuti anthu aja ni oyela mtima. Ali ndi malamulo olembedwa amene amayankha funso lililonse lisanafike pa zibakela.

Mipikisano yambili padziko imatsatila malamulo a Tournament Directors Association, bungwe limene Matt Savage, Linda Johnson, Jan Fisher ndi David Lamb anayambitsa ku America mu 2001, atatopa ndi zakuti kasino iliyonse inali ndi lamulo lake. Ndendende nkhani ya Vubwi ndi Katete.

Mu poker yochedwa Texas Hold'em, aliyense amalandila makhadi awili obisa. Wogawa akaonetsa khadi loyamba kapena lachiwili kuchoka pa paketi, amasonkhanitsa onse nkugawanso. Akaonetsa makhadi awili alionse, chimodzimodzi. Akayambila pa munthu wolakwika, olo kulumpha munthu amene afunika kulandila, chimodzimodzi. Koma likaonekela limodzi chabe pakati pa kugawa, sagawanso. Amamaliza, nkupatsa mwini wake khadi lina, ndipo loonekela lija amalionetsa kwa onse nkuliika pambali. Apa ndiye pamene mlamu wa ku Sinda akanathandizidwa: khadi latsopano, popanda phokoso.

Koma lamulo limene ndinalikonda ngako ni la nthawi. Anthu awili akasewela motsatana ndipo mmodzi mwa iwo waika machipi pakati, kapena anthu atatu akasewela motsatana, khomo latsekeka. Kuchoka apo palibe kukamba zogawanso, gemu ipitilila mpaka kumapeto. Ukapezeka uli ndi makhadi atatu nthawi imeneyo, makhadi ako afa, ndipo zimene unaika kale usaziyembekezele. Poyamba ndinaona monga ni nkhanza. Koma ganizani bwino: munthu amene waona cholakwika nkukhala chete, afuna kudya kawili. Akawina atenge ndalama, akaluza akuwe kuti tigawenso. Lamulo ili limam'landa mwayi wachiwiliwo. Uli ndi dandaulo, kamba ndalama zisanalowe.

Pali kamodzi kamene khomo limatsegukanso. Mukapezeka makhadi awili ofanana ndendende, nambala imodzi ndi chizindikilo chimodzi, ndiye kuti paketi yonse ni yoola. Gemu imaima olo yafika patali bwanji, aliyense nkubwezeledwa zake. Kwathu kumene timasakaniza mapaketi awili akale kuti akwane 52, lamulo ili likanagwila nchito tsiku lililonse.

Ngakhale wogawa akaika makhadi anayi pakati m'malo mwa atatu, yankho lilipo. Amawatembenuza onse anayi, kuwasakaniza, ndipo woyang'anila mpikisano amasankhapo limodzi mosaona kuti lichoke. Woyang'anilayo sasewela, alibe ngwee pa tebulo, ndipo akagamula zatha.

Apa ndiye povuta kwa ise. Kuseli kwa shopu, wogawa ni wosewela yemweyo, ndipo aliyense woonelela ni mbale wa wina, olo ali ndi nkhongole kwa wina. Munthu wopanda mbali mumupeza kuti ku Sinda? Sindikuuzani kuti mukasewele njuga, ndalama ya soya ili ndi feteleza woiyembekeza. Koma ndidziwa kuti kumapeto kwa August, anthu akadzadzaza ku Mkaika pa Kulamba, makatoni adzayalidwa ndithu, ndipo padzakumana a kuno, a ku Malawi ndi a ku Mozambique, aliyense ndi lamulo la kwawo.

Msuweni sanaleke makhadi, chipsela sichinam'phunzitse zimenezo. Chimene anasintha ni chakuti manje asanakhale pansi amawelenga paketi yonse pamaso pa onse, nkukamba kuti: "Wamene ali na nkhani akambe ndalama ikalibe kungena." Anzake anamupatsa dzina lakuti Loya. Mlamu wake akali kukana kukhala naye pa katoni imodzi.