Chipolopolo chimodzi sichiteteza galu

Kuno ku America komwe ndikuphunzira, alenje ena amakondabe mfuti yachikale ija kwathu timati gogodera. Sindiwanyoza, chifukwa mfutiyi imaphunzitsa munthu kudekha. Koma wina akanena kuti ndiyo idzateteze galu wake kwa coyote, ine ndimakana.

Coyote ndi chilombo chonga nkhandwe, koma chokulirapo. Kuyambira Januwale mpaka Malichi, nyengo yake yokwerana, chimaona galu aliyense wolowa m'dera lake ngati mdani. Tsono galu wamng'ono ngati beagle, amene amauwa njira yonse pothamangitsa kalulu, amadziulula yekha komwe ali.

Taganizirani mmene gogodera imagwirira ntchito. Imawomba kamodzi basi. Ukaphonya, uyenera kuthira wonga kukamwa kwa mfuti, kuika chipolopolo, kenako kutsendera ndi ndodo. Pomwe ukumaliza, galu walumidwa kale. Ndipo awiriwo akagwirana n'kumagubuduzana m'tchire, ungawombe bwanji osapha wako yemwe?

Kwa ine, chitetezo cha galu chimayambira kunyumba. Aphunzitsidwe kubwerera akaitanidwa, ngakhale fungo la kalulu likumukoka. Avale lamba wa GPS m'khosi, alandire katemera wa chiwewe, ndipo asamasake yekha kutali ndi mbuyake, makamaka mbandakucha ndi chisisira pamene coyote amayendayenda kwambiri.

Akulu anati walira mvula walira matope. Wasankha mfuti yochedwa wasankhanso udindo wosunga galu pafupi. Mfutiyo unasankha ndiwe, galu anangokutsatira.