Kalata kwa mphwanga: za makina osemera zitsulo ogwirapo kale ntchito

Wokondedwa mphwanga,

Kalata yako ndinailandira, ndipo popeza mtima wako wakhazikika pa kugula lathe yogwirapo kale ntchito kuti uzisemera mashafiti a zigayo ndi zitsulo zina zimene anthu amasauka nazo, ndaona kuti n'koyenera ndikulongosolere kumene malonda amenewa anachokera, pakuti wogula chinthu chimene sadziwa mbiri yake amagula ndi maso okha.

Makina amenewa ndiwo amabala makina ena onse. Pamene James Watt ankavutika kupeza mmisiri woti amuboolere mibulu ya chitsulo mowongoka bwino kuti nthunzi isamathawe m'injini zake, amene anamuombola anali John Wilkinson, ndi makina ake oboolera a mu 1774. Cha m'ma 1800 Henry Maudslay wa ku London anakonza lathe yodula mazinga ofanana nthawi zonse, ndipo mu 1841 Joseph Whitworth, amene anagwirapo ntchito kwa Maudslay yemweyo, anaika muyeso umodzi wa mazinga, kotero kuti bawuti yopangidwa ku Manchester inayamba kulowa m'nati yopangidwa ku Glasgow. Amisiri amenewo ankaumba matupi a makina awo ndi chitsulo chosungunula, cholemera, chosagwedezeka, chimene chikamadzozedwa mafuta chimaposa moyo wa mwini wake, ngakhale wa kampani imene inachipanga. Ndipo m'menemo ndimo muli muzu wa malonda onsewa, chifukwa fakitale ikafa, makina ake amatsala amoyo.

Chimene chinakulitsa malondawa ndi nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Amereka ndi Britain anapanga makina ochuluka zedi osulira zida, ndipo mtendere utabwera mu 1945 maboma anayamba kuwagulitsa motchipa kwa amalonda, amene ankawakonza ndi kuwagulitsanso kwa amisiri ang'onoang'ono. Pa nthawi yomweyo a Soviet Union anali kuzula mafakitale a ku Germany ndi kuwatutira kwawo pa sitima zapamtunda monga chipukutamisozi cha nkhondo.

Koma taona chimene chinatsatira. Mu 1952 akatswiri a ku yunivesite ya MIT anaonetsa makina oyenda motsata manambala obooledwa pa tepi, osadikira dzanja la mmisiri, ndipo ngakhale nzeruyo inabadwira ku Amereka, amene anaikolola ndi a ku Japan, omwe pofika 1982 anali atapambana mayiko onse pa kupanga makina osemera zitsulo. Kampani ya Alfred Herbert ya ku Coventry, imene pa masiku a ulemerero wake inali pakati pa zazikulu koposa padziko, inagwa kotheratu mu 1983, katundu wake nagulitsidwa pa okushoni. Ine sindiwerenga mbiri imeneyi ndi mtima wouma, pakuti kuseri kwa makina alionse oikidwa nambala ya okushoni kuli bambo amene anaimirira pamenepo moyo wake wonse, nabwerera kunyumba wopanda ntchito. Komabe ndiyenera kunena zoona, kuti tsoka la amenewo ndilo linatsegulira khomo anthu osauka a m'mayiko ena, amene sakanatha kugula makina atsopano. Mu 2002 kampani ya Shagang ya ku China inatumiza antchito ake ku Dortmund kukamasula fakitale yonse yosungunulira chitsulo, naimanganso m'mbali mwa mtsinje wa Yangtze. Kampani ya magalimoto ya MG Rover itagwa mu 2005, a Nanjing Automobile anatuta makina a ku Longbridge kunka nawo kwawo. Ndipo pofika 2009 dziko la China, limene linkatola zotsala za ena, linali litakhala loyamba pa kupanga makina osemera zitsulo. Usachite manyazi tsono kuyamba ndi chakale.

Pa kusankha, ndikupempha udekhe, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Makina akale oyendera kompyuta adzakukopa ndi mtengo wake wotsika, koma ubongo wake umakalamba msanga kuposa thupi lake, ndipo kachipangizo kamodzi kakapsa, kamene mwina anasiya kalekale kukapanga, udzatsala ndi mulu wa chitsulo umene palibe mmisiri wa kwathu angaudzutse. Lathe yamanja ya Colchester kapena ya Harrison, ngakhale makina a Bridgeport amene anayamba kupangidwa mu 1938, ukhoza kuwakonza wekha, ndipo china chikathyoka nthawi zambiri umachisema pa makina omwewo. Usakhulupirire penti, chifukwa chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: pukuta mafuta, uyang'ane njanji zimene ngolo yonyamula mpeni imayendapo, makamaka kufupi ndi kumutu kumene ntchito imachulukira, ndipo ngati n'kotheka useme ndodo yayitali, uiyeze mbali zonse ziwiri kuti uone ngati ikufanana kunenepa. Njanji zikadyeka, kuzinola kungakudyere ndalama zoposa zimene unagulira makinawo.

Ufunsenso za magetsi, popeza ambiri mwa makinawa amafuna magetsi amphamvu onga a pachigayo. Ndipo usaiwale Whitworth uja: lathe zambiri zakale za ku Britain zinapangidwira mainchi, pamene magalimoto a ku Japan amene adzaza misewu yathu ali m'mamilimita, kotero wogulitsayo akupatse magiya osinthira onse, kuphatikizapo ya mano 127 imene imatembenuza muyeso wina kunka ku unzake. Akakuuza kuti adzakutumizira pambuyo pake, usatulutse ndalama kufikira utawawerenga ndi dzanja lako.

Upereke moni kwa mlamu ndi ana onse.

Ine mkulu wako.