Lole ya alamu anga yasiya kulalata

Inu amene mumagula tomato wa pamulu m'mawa, mwina simudziwa kuti tomatoyo wagona panjira. Ife timakaoda ku Lizulu, n'kunyamuka kutada mumsewu wa M1, kudutsa pa Ntcheu, pa Chingeni, pa Zalewa, kuti pofika mbandakucha tikhale titatsitsa madengu ku Limbe. Ulendo wonsewo moyo wathu ndi mpamba wathu zimakhala m'manja mwa dalaivala. Wothandizira wake amayamba kuwodzera tisanapite n'patali pomwe, ndiye amene amatsala kucheza naye ndi wayilesi.

Lole imene timakwera ine ndi amayi anzanga ndi ya alamu anga. Kale munali masipika anayi ndi chibokosi cha besi kuseri kwa mpando. Akatsegula, zitseko zinkanjenjemera, koma mawu a woyimba osamveka. Injini ikalira pachitunda, iwo ankawonjezera voliyumu. Pofika ku Limbe mutu ukuwawa, m'makutu muli nzwiii, kasitomala akafunsa mtengo n'kumamuyankha kuti "mwati bwanji?"

Tsiku lina alamu anabwera ndi kabokosi kosapitirira kukula kwa buku, akuti DSP. Amayi anzanga anadandaula: "Achimwene, ndalama zathu za thiransipoti mukugulira zidole?" Ine funso langa linali limodzi: "Alamu, matayala ndi mabuleki zili bwino?" Atandionetsa kuti zimenezo anathana nazo kale, ndinapita nawo kwa mmisiri wa zamagetsi a galimoto kuti ndikaone ndekha.

Ndikufotokozereni monga ndinamvera. Tomato sitigulitsa mosakaniza. Timasankha wamkulu payekha, wapakati payekha, wamng'ono payekha. Kabokosi kaja kamachita zomwezo ndi mawu. Kamakhala pakati pa wayilesi ndi ampulifaya, kamasandutsa nyimbo kukhala manambala, n'kuigawa. Mawu okhuthala kwambiri, a pansi pa 80 Hz, amapita ku chibokosi cha besi. Apakati, mmene muli liwu la munthu, amapita ku masipika a m'zitseko. Opyapyala amapita ku tinsipika tating'ono ta pamwamba. Kale sipika iliyonse inkasenza katundu yense, n'chifukwa chake inkasasa mawu ngati mayi amene waitanira malonda tsiku lonse.

Chachiwiri ndi chimene chinandidabwitsa. Chiwongolero chathu chili kumanja, choncho sipika ya kumanja ili pafupi ndi khutu la dalaivala, ya kumanzere ili patali. Mawu amayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi. Ngati masipika awiriwo asiyana ndi mita imodzi, mawu a kumanzere amachedwa ndi magawo atatu okha mwa magawo 1,000 a sekondi. N'kanthawi kochepetsetsa, koma khutu limazindikira, ndipo nyimbo imamveka ngati yapendekera mbali imodzi. Mmisiri uja anatenga tepi yoyezera, n'kuyeza kuchokera pamutu pa alamu kufika pa sipika iliyonse, n'kulemba pa laputopu. Kabokosi kanayamba kuchedwetsa sipika yapafupi kuti idikire inzake. Ataika nyimbo ya malemu Lucius Banda, liwu linachoka kuchitseko n'kudzakhala kutsogolo, pagalasi, ngati munthuyo wakhala moyang'anana nafe.

Kenako anachepetsa mawu amene ankachititsa malata a chitseko kulira, n'kumata zofewa mkati mwake. Anaikanso kachipangizo kotsitsa magetsi, chifukwa lole yathu imayendera mabatire awiri, mavoti 24, pamene zipangizo zambiri zoyimbira m'galimoto zimafuna 12. Inu amene muli ndi malole, apa samalani. Mukangolumikiza chisawawa, mudzangomva fungo la waya wopsa.

Mwina mukuti, "Nanga mayi wa tomato zikumukhudza chiyani?" Zikundikhudza chifukwa tsopano alamu amatsegula wayilesi motsitsa, ndipo zonse zimamveka. Galimoto ikaimba hutala kumbuyo amaimva. Ife amene takhala pamwamba pa katundu tikamenya denga kuti chingwe chamasuka, amamva nthawi yomweyo. Akatswiri a zaumoyo amati phokoso lofika madesibelo 85 likamakulira m'makutu maola asanu ndi atatu tsiku ndi tsiku, makutu amayamba kufa pang'onopang'ono, ndipo akafa sabwereranso. Dalaivala amakhala mu kebini maola ochuluka, injini ikulira pansi pake. Kuwonjezerapo besi yogwedeza chifuwa n'kudzigonthetsa wekha uli mnyamata.

Komabe ndisakunamizeni, nyimbo si mankhwala a tulo. Ngakhale zimveke mokoma bwanji, maso akalemera amalemera basi. Tili ndi pangano ndi alamu kuti akayasamula kawiri, ayimitse lole pamalo owala, agone ngakhale theka la ola. Bola tomato afike dzuwa litatuluka kusiyana n'kuti ana athu akamve uthenga wina.

Kwathu kuno timakonda kuyeza zoyimbira ndi kutalika kwa kumene zikumvekera. Minibasi, bala, ngakhale pa chinkhoswe, wopambana ndi amene wasokosera mudzi wonse. Kumsika kwathunso n'chimodzimodzi: tonse timakuwa nthawi imodzi, kasitomala n'kungodutsa osamva mtengo wa aliyense. Ine masiku ano ndimadikira afike pafupi ndi benchi langa, ndiye n'kumuuza mtengo mwakachetechete, ndipo mawu anga amafika madzulo asanasase.

Ngati muli ndi m'bale woyendetsa lole amene akusunga ndalama yogulira besi ina, muuzeni ayambe waona matayala. Zikatero, asanawonjezere sipika, akapeze mmisiri wodziwa kuyeza ndi kugawa mawu a masipika amene ali nawo kale.