Chipale cha mu Seputembala

Kwathu ku Njuli, Seputembala ndi mwezi wa dzuwa. Chiperoni chimakhala chitapita kale, anthu ali kalikiliki kusosa m'minda ndi kumenya nandolo wouma, fumbi la ku kwale litayeretsa masamba a mango m'mbali mwa msewu wa ku Zomba. Ndakhalitsa kuno ku Free State, komabe mwezi umenewu ukafika thupi langa limadikira kutentha kwa kwathu.

Usiku wa pa 20 Seputembala 2024 kunagwa chipale chofewa chomwe chinadabwitsa ndi eni dziko omwe, pakuti nyengo yozizira inali itatha. Msewu wa N3, wochoka ku Johannesburg kupita ku Durban, unatsekeka pa Van Reenen's Pass, kungopitirira Harrismith. Mathiraki, mabasi ndi magalimoto ang'onoang'ono anangoti ndii pamzere, anthu n'kugona momwemo, ambiri atavala zopepuka. Mayi wina wa m'minibasi anamwalira ndi kuzizira. A Gift of the Givers, omwe aja timawaonanso kwathu pakagwa tsoka, anabwera ndi mabulangete ndi chakudya.

Ife pa famu nkhawa inali pa nkhosa. Dziko la kuno ndi lathyathyathya, udzu wokhawokha, mphepo ilibe choitchinga. Nkhosa zinali zikuswa, ndipo kamwana kongobadwa kumene kakanyowa sikachedwa kufa. Tinkatitola m'chipalemo kutacha, kena kataumiratu, kena kakupuma mwapatalipatali, n'kukaika m'kati mwa jekete kuti kamve kutentha kwa chifuwa. Zala zanga zinkakanika ngakhale kumasula waya wa pageti.

Si kuti kwathu nyengo siipha. Namondwe Freddy anakwirira mudzi wa Ntauchira m'boma lathu lomweli la Chiradzulu mu Malichi 2023. Koma kwathu ndimadziwa kuwerenga kumwamba. Mtambo ukavundikira phiri la Chiradzulu ndimadziwa ngati n'koyenera kuanula ufa pamkeka kapena ayi. Kuno ndimadalira foni ya abwana kuti indiuze za mawa, ndipo zimenezi zimandipweteka kuposa chisanu.

Netiweki itabwerera ndinaimbira amayi. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa ngati ndili ndi masokosi okwanira. Kenako anati mizere atsala pang'ono kumaliza kuunga, ndisachedwetse ya feteleza. Ndinawauza kuti Disembala ndibwera kudzapalira nawo, ndipo tchuthi ndapempha kale.