Khitchini ya pa kompyuta ndi thumba la ufa

Aliyense amene amayendera midzi ndi misika ing'onoing'ono ya m'madera athu waona mmene nyumba zikusinthira. Mlimi akagulitsa bwino soya kapena fodya, kapena mwana amene ali kunja akayamba kutumiza kangachepe, pamamangidwa nyumba ya njerwa zootcha ndi malata. M'nyumba yoteroyo mumakhala chipinda chimene makolo athu sankachiika pamodzi ndi zipinda zogona. Kale khitchini inali kanyumba kapadera kuseri, ka mafuwa atatu, chimanga cha mbewu chitapachikidwa pa utsi. Lero yalowa m'nyumba, ndipo ikalowa imafuna makabati. Vuto la kabati n'lakuti munthu amalipira asanaione, ndipo thabwa likadulidwa silibwereranso kusitolo.

Achimwene anga akulu amagwira ntchito ku Johannesburg. Nyumba yawo ili kufupi ndi Mponela, m'boma la Dowa, ndipo amene amakhalamo ndi alamu anga ndi ana. Itafika nthawi yoika makabati, achimwene anayamba kutumiza zithunzi pa WhatsApp: makhitchini onyezimira, makabati ofika kudenga, mbale ya zipatso pakati pa tebulo. Alamu ankayang'ana zithunzizo osanenapo kanthu. Amisiri a matabwa amene tinawapeza anayang'ananso, n'kunena kuti zonsezo n'zotheka, n'kutchula mtengo umodzi wa ntchito yonse. Panalibe amene ankafuna kubera mnzake. Koma mwini ndalama anali kutali, mwini luso ankasunga miyeso m'mutu, mwini khitchini sanafunsidwe, ndipo panalibe chinthu chimodzi chimene atatuwa akanachiloza ndi chala n'kugwirizana kuti ndi ichi. Poti ine ndine mlangizi ndipo ndimayenda ndi kompyuta ya m'manja, ntchito yopeza chinthu chimenecho inagwera ine.

Mapulogalamu a pa kompyuta okonzera mapulani a nyumba alipo a mitundu ingapo, ndipo n'kofunika kuwasiyanitsa. Ena ndi a makampani ogulitsa makabati. Kampani ya ku Sweden ya IKEA ili ndi yake pa intaneti: munthu amalembamo kukula kwa chipinda, n'kumaikamo makabati a m'lifupi mwa masentimita 40, 60 kapena 80, ndipo pamapeto imamuwerengera katundu yense ndi mtengo wake kuti aitanitse. Ndi yabwino kwa abale athu amene ali ku London kapena ku Manchester, koma imadziwa katundu wa kampaniyo yekha, ndipo kuno kumwera kwa Africa kulibe masitolo ake. Ena ndi ojambulira chilichonse. SketchUp inatuluka mu 2000, kampani ya Google inaigula mu 2006 n'kuigulitsa kwa Trimble mu 2012. Ili ndi mtundu waulere umene umafuna intaneti. Sweet Home 3D ndi yaulere, ndipo ukaiika pa kompyuta imagwira ntchito popanda intaneti, chinthu chimene kwa ife a kumudzi si chaching'ono. Imeneyi ndiyo ndinasankha. Mtundu wachitatu, monga MaxCut ndi CutList Optimizer, sujambula khitchini ayi: umangoonetsa mmene zidutswa zingadulidwire pa thabwa lalikulu kuti zotsala zichepe.

Pulogalamu imakhulupirira chilichonse chimene waiuza. Ukaiuza kuti khoma ndi la mamita 3, imajambula khoma loongoka ngati ulusi ndi makona okhala bwinobwino. Makoma athu sakhala otero. Njerwa zoumba pamanja zimasiyana kukula, ndipo pulasitala amanenepa pena n'kuwonda pena. Choncho tisanayatse kompyuta, ine ndi amisiri tinatha m'mawa wonse ndi tepi. Khoma lililonse tinaliyeza katatu, pansi, pakati ndi m'mwamba, n'kulemba muyeso wochepetsetsa, chifukwa kabati yocheperako pang'ono imatsekedwa ndi kathabwa m'mbali, koma yokulirako silowa n'komwe. Makona tinawayesa ndi njira imene alimi ambiri amaidziwa pomanga chigafa kapena khola: masentimita 60 pa khoma lina, 80 pa linzake, ndipo ngati kona ili bwino, mtunda wa pakati pa zizindikiro ziwirizo umakhala 100 ndendende. Kona imodzi inakana. Tinalembanso pamene pali zenera, mbali imene chitseko chimatsegukira, ndi pamene pali masoketi a magetsi.

Madzulo ndinajambula chipindacho ndi makabati monga achimwene ankafunira, ndipo ndinapempha alamu kuti akhale pa mpando wa patsogolo pa kompyuta. Pulogalamuyi imalola munthu kuyenda m'chipinda chojambulidwacho ngati walowamo. Alamu anazungulira kawiri, kenaka anafunsa:

"Alamu, nanga ufa ukhala pati?"

Ndinawasonyeza kabati ya mashelefu atatu. Anaseka.

"Umenewo ndi ufa wa m'mapaketi. Ine ndikunena wa kuchigayo."

Banja la mlimi siligula ufa wa makilogalamu awiri. Limabwera kuchigayo ndi thumba, ndipo thumbalo limafuna malo aatali, ouma, okwera pang'ono kuchoka pa simenti, opita mpweya ndiponso osafikako makoswe. Mafunso ena anatsatira. Ndowa ziwiri za malita 20 ziima pati, poti madzi amachokera ku mjigo? Mphika waukulu wa pa maliro ndi pa zinkhoswe ulowa m'kabati iti? Nanga lichero, sefa, mtondo ndi munsi? Chilichonse chimene ankatchula ankapita kukachitenga, ife n'kuchiyeza ndi tepi, ine n'kuchijambula ngati bokosi la kukula komweko, chifukwa m'nkhokwe ya zithunzi za pulogalamu muli firiji ndi makina otsukira mbale koma mulibe mtondo.

Funso limene linandigwira mtima kwambiri linali la kutalika. Makabati a pansi amene mapulogalamu amakupatsa amafika pafupifupi masentimita 90 kuchoka pansi. Msinkhu umenewu ndi wabwino kwa munthu woduladula anyezi ataimirira. Koma ikanipo chitofu, pamwamba pake poto wa nsima ya anthu asanu ndi atatu, ndipo muuze mayi wamfupi avundule ndi mthiko. Mkono umakwera kufika m'phewa, mphamvu imatha, ndipo poto amafuna kugwa. Nsima imafuna kuti wophika akhale pamwamba pa poto, osati pambali pake.

Miyeso imeneyi ili ndi kwawo. Mu 1926 mayi wina wa ku Austria, katswiri wa mapulani a nyumba, Margarete Schütte-Lihotzky, anakonza khitchini ya nyumba za anthu apantchito mumzinda wa Frankfurt ku Germany. Inali yaing'ono, pafupifupi mamita 1.9 m'lifupi ndi 3.4 m'litali, ndipo anaikonza atafufuza mayendedwe a munthu wophika kuti asamataye mapazi ndi nthawi. Makhitchini otere anamangidwa pafupifupi 10,000, ndipo makabati olumikizana amene timawasirira lero ndi zidzukulu zake. M'zaka za m'ma 1940 akatswiri a ku America anawonjezera lamulo lakuti sinki, chitofu ndi firiji zikhale moyandikana ngati mafuwa. Mayi uja sanalakwe. Anayang'ana amayi a kwawoko ndi chakudya chawo, mpaka anakonza mosungira ufa mwa mtengo umene tizilombo timadana nawo. Choyenera kutengera kwa iye ndi khalidwe loyamba layang'ana wophika, osati miyeso yake. Khitchini yake inali ya munthu mmodzi, pamene ya alamu anga mumakhala iwo, mwana wosenda mbatata ndi mnansi amene wabwera kudzapempha mchere koma sakufulumira kupita.

Motero pulani inasintha. Mbali imodzi tinaitsitsa kuti chitofu chikhale pansi pang'ono. Makabati awiri tinawachotsa zitseko ndi mashelefu kuti mukhale malo a ndowa. Thumba la ufa linapeza kabati yakeyake yaitali, ya chitseko cha sefa wa waya. Mbaula ya makala inatsala pakhonde la kuseri pamene imakhala nthawi zonse: makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndiponso sununkha, ndipo magetsi akazima chiyeso cholowetsa mbaula m'nyumba chimakula. Pa chifukwa chofanana ndi chimenechi, malo a botolo la gasi, limene achimwene akulonjeza, tinawasiya osatseka. Kusintha konseku kunatenga madzulo amodzi ndipo sikunadye tambala.

Zithunzi zatsopano zitafika ku Johannesburg, achimwene anaimba foni. Sanakondwe. Anati khitchiniyo yayamba kuoneka ngati ya kumudzi. Ndinawayankha kuti, "Achimwene, nyumbayo ili kumudzi kumene," ndipo ndinapereka foni kwa alamu. Zimene anakambirana ndi za m'banja mwawo, koma ndinaona chinthu chimodzi: alamu ankalankhula akuloza pa kompyuta, kutchula kabati ndi kabati, ndi mawu a munthu amene akudziwa chimene akunena. Pa misonkhano ya chitukuko timalimbikira kunena kuti amayi azitenga nawo mbali, koma kawirikawiri timawaitana zinthu zitagamulidwa kale, kapena timawaonetsa pulani ya mizere imene ngakhale ife alangizi timavutika kuiwerenga. Chithunzi chimene munthu angathe kuyendamo chimam'patsa mpata wokana nthawi idakalipo.

Kenaka inafika ntchito yosasangalatsa maso koma imene ndalama zagonapo: mndandanda wa zidutswa. Kabati iliyonse ili ndi mbali ziwiri, pansi pake, kumbuyo, mashelefu ndi chitseko, ndipo chilichonse chimalembedwa m'mamilimita. Matabwa a melamine ochokera ku South Africa kawirikawiri amakhala a mamilimita 2750 ndi 1830, okhuthala 16. Plywood ndi blockboard, monga zimene kampani ya Raiply imapanga ku Chikangawa, zimadziwika ndi muyeso wa 2440 ndi 1220, umene amisiri amautchula m'mafiti, 8 ndi 4. Tiyerekeze mbali ya kabati ya mamilimita 720 ndi 560. Pa thabwa la 2440 zimatuluka 6. Pa la 2750 zimatuluka 9 ngati lili ndi mizere yonga ya mtengo imene iyenera kuloza mbali imodzi, koma zimatuluka 11 ngati ndi loyera lopanda mizere, chifukwa zidutswa ziwiri zimatha kugonekedwa chopingasa pa chotsala. Kusankha mtundu wa thabwa, kumene ambiri timakuyesa nkhani ya maso chabe, kumasintha chiwerengero cha matabwa ogula. Pulogalamu yodulira imafunanso kuuzidwa kuti sowo amadya mamilimita 3 kapena 4 pa mzere uliwonse. Ikapanda kuuzidwa, chidutswa chomaliza chimaperewera.

Ndinkada nkhawa kuti amisiri aona mapepalawa ngati chipongwe, monga kuti tikuwawerengera misomali. Anawatenga, anavala magalasi, n'kuwerenga kwa nthawi yaitali.

"Alangizi," anatero, "makina anuwa amadziwa masamu, koma sanakolopepo m'nyumba."

Ankanena za miyendo ya makabati. Melamine mkati mwake ndi tizipalapasa ta mitengo tomatidwa ndi guluu, ndipo tikamwa madzi timafufuma osabwereranso. M'nyumba imene amakolopa tsiku ndi tsiku, ndiponso m'dera la chiswe, thabwa siliyenera kukhudza pansi. Analangiza kuti timange kaguwa ka njerwa ndi simenti, makabati akhale pamwamba pake, ndipo pozungulira ndowa pakhale simenti yokhayokha. Anaonanso kuti dirowa ya pakona idzagundana ndi chogwirira cha chitseko choyandikana nacho, n'kuwonjezerapo kathabwa kotalikitsa. Safunsa anadya phula. Ndinabwerera pa kompyuta, ndipo matabwa ofunika anachepa ndi limodzi. Mtengo umene anatchula pambuyo pake unali m'magawo atatu olembedwa: matabwa, mahinjesi ndi zogwirira, ndi ntchito ya manja awo. Iwo eni anati zimenezi zawapepukira, chifukwa makasitomala ambiri amaganiza kuti mmisiri wadya ndalama pamene kwenikweni matabwa ndiwo akwera mtengo.

Poitanitsa pali tinthu ting'onoting'ono timene timagwetsa anthu. Masitolo ena a m'mizinda amadula matabwa ndi makina motsata mndandanda wa wogula, ndipo amadula zimene zalembedwa, osati zimene wogula ankaganiza. Muyeso ukhale umodzi pa pepala lonse, osasakaniza mainchesi ndi mamilimita. Funsani ngati sitoloyo imayamba ndi m'litali kapena m'lifupi, chifukwa pa thabwa la mizere kusinthanitsa manambala awiriwo kumagoneka mizere chammbali. Tsimikizani kukhuthala kwa thabwa limene lilipodi tsiku limenelo: mndandanda wowerengeredwa pa 16 sugwira pa 18. Lembani mbali zimene zimatidwe kansalu ka pulasitiki kotseka m'mphepete, pakuti m'mphepete mosatseka ndimo mumalowera chinyezi. Ife tinawerenga mndandanda wathu mokweza anthu awiri, wina akutchula, wina akuloza pa chithunzi, monga amachitira pa sikelo ya fodya. Tinagwirizananso zolipira amisiri m'magawo, gawo lomaliza zitseko zonse zitatseguka ndi kutsekeka bwino.

Kwa anzanga ogwira ntchito ndi magulu a alimi, njira yomweyi ingathandize pokonza mashelefu a nyumba yosungiramo mbewu ya kalabu, kapena khitchini yophikira phala pa sukulu ya mkombaphala, kumene ndalama ndi za anthu ambiri ndipo kukayikirana sikuchedwa kuyamba. Kompyuta imodzi ya ku ofesi ndi yokwanira. Mapepala osindikizidwa apite kwa komiti, kwa mmisiri ndi kwa amene adzaphike, ndipo onse awaone tsiku limodzi.

Makabati a m'mwamba sanapangidwebe. Achimwene akuwafuna ofika kudenga. Alamu akuti chimene sangachifikire popanda kukwera pa mpando chidzakhala nyumba ya mphemvu. Mapulani onse awiri ali m'kompyuta, uliwonse ndi chiwerengero chake cha matabwa, ndipo agwirizana kuti adzasankha mu Disembala, achimwene akadzabwera ku tchuthi n'kuima okha m'khitchinimo.