Kamtengo ka achemwali ndinakapha ndi madzi

Achemwali anga ponyamuka ulendo wa ku Johannesburg anandisiyira zinthu ziwiri: mbaula, ndi kamtengo ka masamba onenepa kodzalidwa m'chitini cha majarini. "Iwe, kamenekaka ndidzakapeze kali moyo," anatero chikwama chili kale kumutu.

Ine ndinakulira kudimba. Kwathu mbewu ukaikonda umaithirira m'mawa ndi madzulo, basi. Ndiye tsiku lililonse ndisanathamangire minibasi, kapu yamadzi khuthu! Ngakhale masiku amene pampopi pauma, ndinkayamba ndapatula madzi a kamtengoka ndisanasambe.

Patatha mwezi ndi theka masamba anayamba chikasu, kufewa ngati nthochi yopsetsa, kenako kuyoyoka. Poganiza kuti ndi ludzu, ndinawonjezera madzi. Tsiku lina nditangokagwira, tsinde linathyoka. Mkati munali bii, kafungo ka zowola kali guu. Nditatembenuza chitini chija ndinapeza kuti chinalibe ndi bowo limodzi lomwe.

Usiku umenewo ndinamaliza bandulo pofufuza. Dzina lake ndi jade plant, akatswiri amati Crassula ovata, ndipo kwawo ndi ku South Africa ndi ku Mozambique, komwe kamamera m'malo a miyala. Masamba onenepawo ndiye nkhokwe yake ya madzi. Kukauma kamatseka timabowo ta m'masamba masana kuti madzi asauluke, n'kutitsegula usiku kukazizira. Mizu yake ikakhala m'matope imasowa mpweya, imawola. Abale inu, kamtengo kanali kukuwa kuti kakhuta, ine ndili kalikiliki kukamwetsa.

Pansi panali masamba atatu olimba. Ndinawasiya pawindo masiku anayi kuti pothothokapo paume, chifukwa bala lalowisi likakhudza dothi lonyowa limawola. Chitini ndinachiboola ndi msomali, n'kuthiramo mchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi dothi pang'ono. Masamba ndinangowagoneka pamwamba, osakwirira.

Chovuta chinali kusathirira. Dzanja linkachita kuyabwa. Komanso pa WhatsApp achemwali akafunsa kuti "kamwana kanga kali bwanji?" ndinkayankha kuti kali bwino, kenako n'kuyambitsa nkhani ya lendi. Bodza limenelo linandilemera kuposa imfa ya kamtengoko.

Tsamba limodzi linafota. Awiri aja, sabata yachinayi, anatulutsa timizu tonga ulusi, kenako timasamba tochepa ngati njere za mpunga.

Pano ndimayamba ndapisa chala m'dothi. Mukakhala chinyontho ndimachokapo. Mukauma gwa ndimathira mpaka madzi atulukire pansi, ndiye kuiwalako mwina masabata awiri. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye ndimadikira kuposa pamenepo. Kamakhala pawindo lolowa dzuwa la m'mawa.

Lamulungu lapitali ndinajambula timbewu tiwirito n'kutumiza, ndi kuulula zonse. Anawerenga, osayankha mpaka madzulo. Kenako uthenga unalowa: "Ndinadziwa kale, unkakana kujambula. Kamodziko ndi kanga, usakathirirenso ngati tomato."